Amuna anga akuti achimwene awo anawaika tizilombo m'mimba

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala pafupi ndi boda ya Mwanza, ndipo ndimagulitsa zitenje zomwe ndimakaoda ku Zobue, tsidya la boda. Nkhaniyi sindinauzepo ngakhale amayi anga ondibala, chifukwa ikangotuluka pakamwa panga, mawa lake ikhala itafika kale ku Thambani, kwawo kwa amuna anga, ndipo kumeneko ndi kumene kuli moto wake.

Amuna anga, a Langton, ndi ejenti wa katundu pa boda, amene amathamanga ndi mapepala kuti malole a anthu adutse. Anabadwa mapasa. Anzawo obadwa nawo, a Petro, anatsala kumudzi kufupi ndi Thambani, ndipo amalima chimanga, nandolo ndi manachesi. Pa ukwati wathu anthu ankawasokoneza, moti azakhali anga anakapereka mphatso kwa a Petro. Lero palibe angawasokoneze. A Petro akadali owonda ngati kale, amakwera mapiri a kwawoko ndi njinga itasenza matumba. Anga anatuluka mimba, khosi n'kubisala. Masana sadyera kunyumba, amadya pa boda pomwepo: tchipisi, nkhuku yootcha, buledi wa ku Zobue, zoziziritsa kukhosi. Ndisaname, ine ndinkanyadira. Anzanga ankati ndimadziwa kusamala mwamuna.

Mavuto anayamba chaka chatha chifukwa cha munda wa manachesi umene bambo awo anasiya. Amuna anga anapeza munthu wofuna kuugula, a Petro n'kukana. Anakangana pamaso pa abale, ine ndili pomwepo. Anga anati, "Iwe udzafa khasu lili m'manja." A Petro sanakweze mawu. Anangowayang'ana n'kunena kuti, "Chabwino. Koma mimba ukuinyadirayo idzakugwetsa, ine ndikuona." Mundawo sunagulitsidwe, ndipo awiriwa anasiya kuyankhulana.

Nthawi yokolola itakwana, akazi a Petro, a Malita, anabwera kwathu ndi chigubu cha thobwa la mawere. Anati, "Achimwene anu andituma, akuti zakale zithe." Amuna anga anasangalala. Anamwa lambiri okha, ine ndi ana tinamwako makapu athu.

Patapita miyezi ingapo anayamba kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kutopa, ndipo maso ankachita chidima akamawerenga mapepala a kuntchito. Kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga ndipo anawapatsa mapiritsi. Chiyambireni kumwa mapiritsiwo, m'mimba mwawo munayamba kulira ngati muli achule, masiku ena n'kumatsegula. Ankandigwiritsa dzanja pamimba n'kumati, "Tamva, Make Lucia. Si chinthu chikuyenda ichi?" Ndinkawaseka, koma mumtima mawu a Petro aja ankandibwerera.

Tsiku lina ndinawaperekeza ku kiliniki ya anthu a shuga. Tinapezako anthu a kafukufuku atayala tebulo lawo. Namwino wawo, yemwe anati dzina lake ndi Immaculate, anatikhazika pansi n'kunena kuti, "Bambo, m'matumbo mwa munthu aliyense mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikufuna tione ngati tizilombo ta anthu a shuga timasiyana ndi ta anthu opanda shuga, komanso ngati ta anthu a pa boma timasiyana ndi ta akumudzi. Anzathu akuchita zomwezi m'maiko ena. Tikupempha kachimbudzi kanu pang'ono." Anawapatsa kabotolo kokhala ndi kasupuni mkati. Amuna anga anavomera, nanga ndi munthu wosafuna kuoneka wotsalira. Koma pofunsidwa za abale anatchula kuti ndi mapasa. Aphungu, mukanaona nkhope ya namwinoyo! Maso anawala, n'kuwomba m'manja. "Mapasa? Wina pa boda, wina kumudzi? Eee, mwatithandiza! Tizilombo tanu ndi ta achimwene anu tingatiuze zambiri." Munthu angasangalale chonchi ndi matenda a mnzake?

Amuna anga anakana kupereka nambala ya a Petro. Titafika pakhomo anati, "Wamva wekha, Make Lucia. Ngakhale achipatala akudziwa kuti muli tizilombo, ndipo akudziwa kuti Petro akukhudzidwa. Tizilomboti tinalowa ndi thobwa lija." Ndinayesa kuwakumbutsa kuti namwinoyo anati munthu aliyense ali nato, iwo anati ameneyo ndi mayankhulidwe a achipatala, safuna kuyambanitsa anthu.

Kenako tinamva kuti a Petro nawo anapereka chimbudzi chawo kwa anthu omwewo. Ndani anawauza? Eni akewo akuti akafukufukuwo anafikanso ku chipatala cha ku Thambani ndipo zinalengezedwa kutchalitchi. Mwina ndi zoona. Koma munthu amene sapita kuchipatala ngakhale malungo atamugwetsa, n'chiyani chinamuthamangitsa?

Mnzawo wina wa amuna anga, wosintha ndalama pa boda, anawatengera kwa bambo wina wazitsamba kuseri kwa Zobue. Bamboyo anangowasindikiza pamimba n'kunena kuti, "Muli chamoyo umu. Chinalowa ndi chakumwa, ndipo chinachokera kwa wamagazi anu." Amuna anga akuti anali asanamuuze kalikonse. Anawapatsa chigubu cha madzi owawa n'kuwalamula kuti asaphatikize ndi mapiritsi a kuchipatala. Mapiritsi aja anawataya m'chimbudzi ine ndikuona. Madziwo akamwa amatsegula m'mimba koopsa, ndipo bamboyo akuti ndiye kuti tizilombo tikutuluka. Panopa awonda mofulumira, mathalauza akumangira lamba pa chiboo chatsopano, ndipo akusangalala kuti mimba ikuphwa. Koma ludzu lija lawonjezeka, akumagona ndi mapepala m'manja masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo nsapato inawatupitsa chala chachikulu cha kuphazi. Chalacho chinachita bala, ndipo silikupola. Layamba kununkha.

Tsono apa ndi pamene ndalowapo ine. Namwino uja anandiuza kuti ndiziwaphikira mgaiwa, nyemba ndi masamba. Nditakumana ndi a Malita pamsika ndinawauza zimenezo, ndipo sabata yomweyo ananditumizira pa kabaza thumba la mgaiwa, nandolo ndi mfutso. Ndinaphika osanena kumene zachokera, poopa phokoso. Anadya masiku angapo, mpaka anaona thumbalo kukhitchini. A Petro ali ndi kasokedwe kawo ka pakamwa pa thumba, ndipo anga anakazindikira nthawi yomweyo. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Kani nawenso uli mbali yawo?" Ndi mawu okhawo amene ananena. Kuyambira tsiku limenelo sadya chilichonse chimene ndagwira, ngakhale tiyi. Abwereranso ku tchipisi za pa boda. Auza ankhoswe kuti akufuna bwalo, ndipo akuti akatha za ine apita ku Thambani kukawayalutsa a Petro pamaso pa mudzi wonse.

Aphungu, ine sindinawaikire kanthu amuna anga, Mulungu ndi mboni. Koma sindikudziwanso amene ndingamukhulupirire. Ife tinakula tikuuzidwa kuti tsitsi, zikhadabo ndi chimbudzi cha mwana si zosiya poyera. Lero anthu akutolera chimbudzi m'mabotolo, kuchiika m'mabokosi ozizira, ndipo amayi anzanga pamsika akuti chimakwera ndege. Munthu wabwinobwino angakwere ndege ndi chimbudzi cha mnzake? A Malita anandifunsa tsiku lina kuti, "Kodi alamu akumwabe mapiritsi?" Anadziwa bwanji kuti pali chokayikitsa? Lachiwiri lapitali a Petro anandiimbira foni. Anati, "Mlamu, m'bale wanga ndinamuona pa boda, sindinamuzindikire. Mutengereni kuchipatala, chonde." Ankamveka ngati akulira. Ndinamva chisoni, kenako ndinakumbuka kuti mfiti nazonso zimalira pamaliro.

Ndithandizeni. Kodi tizilomboti n'tachiyani, ndipo munthu angamuikire mnzake? Akafukufukuwa ndi anthu abwino? Nanga ndichite chiyani kuti amuna anga adyenso chakudya cha m'manja mwanga?

E.L., Mwanza

Mayi E.L.,

Mwafunsa zitatu, koma ndiyamba ndi chimene simunafunse: chala. Bala lonunkha paphazi la munthu wa shuga amene wasiya mankhwala si nkhani ya sabata yamawa. Anthu amadulidwa miyendo chifukwa cha bala ngati limenelo. Kuwonda kumene amuna anu akukusangalalirako si kuchira. Shuga akakwera kwambiri thupi limayamba kudzidya lokha, ndipo madzi owawawo akuwatha madzi otsala m'thupi. Amuna anu ayenera kuonedwa kuchipatala lero. Zina zonsezi zidikire.

Tsono za tizilombo. Ndakambirana ndi dokotala wina ndisanakuyankheni, kuti ndisakuuzeni za m'mutu mwanga. Namwino uja sananame ndipo sanaphiphiritse. Munthu aliyense ali ndi tizilombo tosawerengeka m'matumbo mwake: inu, ine, a Petro, abusa anu, ngakhale bambo wa ku Zobue uja. Timayamba kukhala nato tikangobadwa, ndipo tambiri ndi tothandiza kugaya chakudya. Mtundu wa tizilombo timene timachuluka mwa munthu umatengera kwambiri zimene amadya, kumene amakhala ndi mankhwala amene amamwa. Munthu wa mgaiwa, nandolo ndi mfutso sangafanane m'matumbo ndi munthu wa tchipisi ndi zotsekemera. Akatswiri aona kuti tizilombo ta anthu a shuga kawirikawiri timasiyana ndi ta anthu ena, koma sanagwirizane kuti chimayamba n'chiti, matenda kapena kusintha kwa tizilomboto. Aonanso kuti zimene apeza kwa anthu a dziko lina sizifanana nthawi zonse ndi za dziko lina, ndipo anthu a kuno kwathu sanafufuzidwe mokwanira. N'chifukwa chake akuyenda ndi mabotolo mpaka ku Thambani. N'chifukwa chakenso namwino anawomba m'manja: mapasa a mayi mmodzi, okula limodzi koma odya mosiyana, ndi osowa kwa ofufuza. Ngakhale zili choncho, analakwitsa kusangalala pamaso pa wodwala wamantha, ndipo ngati mudzakumana naye mudzamuuze kuti Aphungu atero.

Kodi munthu angamwetse mnzake shuga m'thobwa? Ayi. Shuga wa akuluakulu amakula mwakachetechete kwa zaka, ndipo n'kutheka kuti amuna anu anali naye kale tsiku limene ankakangana za munda. Ndipo taganizani: thobwalo inu ndi ana munamwa nawo. Kulira kwa m'mimba nako kuli ndi mwini wake. Mapiritsi amene amapatsidwa kawirikawiri kwa odwala shuga amasokoneza m'mimba masabata oyamba. Adokotala amadziwa zimenezi, ndipo amatha kusintha kamwedwe kake kapena kulangiza kumwera pa chakudya. Inu nomwe mwalemba kuti achule anayamba kulira atayamba mapiritsi, osati atamwa thobwa.

Mtima wa a Petro sindiudziwa, ndipo sindingakulonjezeni kuti ndi mngelo. Mawu amene ananena aja anali oipa. Koma kuona munthu wonenepa mofulumira, wosayenda, womwa zotsekemera tsiku lililonse, n'kumuuza kuti mimba idzamugwetsa, sikufuna ufiti. Kumangofuna maso ndi mkwiyo. Funso la a Malita nalo ndi la munthu aliyense amene waona mlamu wake akusungunuka pamsewu. Ndipo muwauze a Petro akayezetse shuga nawonso, chifukwa matendawa amayenda m'magazi a banja, ndipo kuwonda si chitetezo.

Kukayikira kwanu sikolakwika, mayi. Mwangokuloza kolakwika. Mwakayikira alamu anu, akazi awo ndi namwino, koma mwamusiya munthu mmodzi yekha amene anauza wodwala kuti ataye mankhwala. Mukuti anadziwa za chakumwa asanauzidwe. Ndani anawaperekeza amuna anu kumeneko? Mnzawo wa pa boda, amene ndikukhulupirira kuti nkhani ya thobwa anaimva kambirimbiri pa tebulo la tchipisi. Ulosi woterowo umayenda pa foni.

Chitani izi. Poti amuna anu aitana ankhoswe, musaope, thamangirani komweko inu poyamba. Pitani kwa nkhoswe ya kuchimuna, imene iwo amaimvera, mukanene kuti bwalo mwalivomera, koma likhale pambuyo poti chala chaonedwa. Musakatsutsane nawo za ufiti, simupambana, ndipo mungowaumitsa khosi. Nkhosweyo ingowauza kuti, "Ngati madziwo akuchiritsa, tiyeni makina a kuchipatala akatiuze." Mutenge chigubu cha madzi owawacho pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, adokotala akaone zimene akhala akumwa, ndipo mukatchule za m'mimba muja.

Pa za thumba la mgaiwa, munalakwitsa kubisa, ngakhale cholinga chinali chabwino. Munthu wamantha akapeza chinsinsi chimodzi amaganiza kuti pali khumi. Apepeseni pa chimenecho chokha, osati pa zimene simunachite. Kenako gulani chimanga iwo akudziwa, kagayitseni pa chigayo cha pafupi, ndipo muzidya nawo mbale imodzi, inu n'kumayamba kutapa. Akapanda kudya lero, adzadya mawa. Zochokera ku Thambani ziyambe zaima kaye, ndipo a Malita muwafotokozere chifukwa chake mwaulemu.

Za akafukufuku, muli ndi ufulu wofunsa, ndipo musachite manyazi. Kafukufuku woona amakhala ndi chilolezo cha akuluakulu oona za kafukufuku, amafotokoza m'Chichewa zimene akufuna, ndipo amasiya pepala lokhala ndi nambala yoti muimbe. Pitani mukafunse kwa akuluakulu a chipatalacho ngati anthuwa akuwadziwa. Mukafunsenso akafukufukuwo kumene chimbudzicho chikupita, amene adzachione, ndi chimene adzachite nacho akamaliza. Ngati chikupita kunja, ayenera kunena poyera ndi chifukwa chake. Amuna anu akafuna kutulukamo angathe kutero, ndipo chithandizo chawo cha shuga sichingaimitsidwe chifukwa cha zimenezo. Akafukufukuwo akakayankha mozemba, pamenepo ndiye kayikirani ndi mtima wonse. Koma musasokoneze ziwirizi: kukana kafukufuku ndi ufulu, kukana mankhwala ndi ngozi.

Ulendo wa ku Thambani uja ulepheretseni mulimonse. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo mawu oterowo akangogwa pagulu sabwezedwa. Tamvapo za nyumba zotenthedwa ndi anthu ovulazidwa chifukwa cha chiganizo chimodzi chonenedwa pamsika. Ana anu ndi ana a Petro adzakhala abale mpaka kalekale, kaya makolo awo afune kaya asafune.

Pomaliza, chenjezo. Mukaona amuna anu akusanza, akupuma mofulumira, akuyankhula zosamveka, akuvuta kudzutsa, kapena chala chayamba kuda, musadikire ankhoswe, musadikirenso chilolezo chawo. Itanani galimoto, itanani aliyense wamphamvu zowanyamula, ngakhale akhale amene iwo sakufuna kumuona. Adzakukwiyirani, inde, mwina mwezi wathunthu. Alekeni akwiye ali pabedi la kuchipatala, miyendo yonse iwiri ilipo.

Aphungu